Chiliza cha ku Goa

Zaka khumi ndi zinayi Mabel Alufandika anakhala akusambitsa nkhalamba za eni pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Leicester, koma holide yeniyeni anali asanailawe. Livi iliyonse inkathera kwawo ku Chiradzulu, kumene munthu wochokera kunja amabwerako atatopa kuposa mmene anapitira. Ndiye tsiku lina mu Okutobala 2018, akudikira basi pa Belgrave Road, anaona chithunzi pa zenera la ogulitsa maulendo: mchenga woyera, mitengo ya kokonati, ku Goa m'dziko la India. Mtima unangoti, Mabel, nawenso ndiwe munthu.

Anabukitsa ndege yonyamukira ku Birmingham pakati pa Disembala. Anatenga viza, anabayitsa katemera, anagulanso kabudula woti azimayi a kutchalitchi akanamuona akanaitanitsa msonkhano. Vuto linali limodzi: pantchito pawo livi ya Disembala inkaperekedwa pa nkhani za m'banja zokha. Mabel analowa mu ofesi ya Zarina, manejala wawo, nkhope itagwa.

"Ndikupita kwathu kukaika chiliza cha mayi anga."

Mayiwo anamwaliradi zaka zitatu m'mbuyomo, ndipo manda awo analidi opanda chiliza. Zarina anamugwira dzanja n'kusaina pomwepo. Potuluka apo Mabel anaimbira mchimwene wake Darlington kumudzi. "Achimwene, chaka chino musandiyembekezere. Mashifiti andipana, ndi pa Khirisimasi pomwe andilemba kuti ndigwire ntchito." Kuntchito wanena zakumudzi, kumudzi wanena zakuntchito. Anadziona wochenjera kwabasi.

Koma pantchitopo panali Amalawi ena atatu, ndipo makutu awo sanali okongoletsera mutu. Lamlungu kutchalitchi, Mayi Yakobo, mtsogoleri wa azimayi, anaimirira nthawi ya zolengeza. "Mnzathu Mabel akupita kukalemekeza mayi ake. Ana otere masiku ano ndi osowa." Anthu anaomba m'manja. Apa mpamene Mabel akanakonza zinthu, koma kutamandidwa kumakoma, abale inu. Anangoweramitsa mutu modzichepetsa.

Tsono Mmalawi wopita kumudzi amasanduka positi ofesi. Katundu anayamba kufika kunyumba kwake ku Braunstone: mafoni akale, nsapato za sukulu, mankhwala a nyamakazi, ngakhale diresi la ukwati lopita ku Ndirande. "Kaphukusi kakang'ono chabe, asisi," aliyense ankatero, atasenza chinthu chonga mtolo wa nkhuni. Mabel ankalandira akumwetulira, mumtima akuti ndidzaziona pobwera.

Kutatsala masiku atatu, Darlington anaimba foni, ali wokondwa kwambiri. "Achemwali, mumafuna kutidzidzimutsa eti? Achibale a Mayi Yakobo atiuza zonse. Mmisiri tamupeza, abusa avomera, amalume akubwera kuchokera ku Mulanje. Amayi agona bwino tsopano."

Choonadi chinafika pa lilime n'kubwerera. "Eya, achimwene," anayankha Mabel. Anaganiza zoti ayambe wapita ku Goa, zopepesa zidzabwera pambuyo.

Tsiku la ulendo, takisi yopita ku Birmingham isanafike, pakhomo panaima minibasi ya mpingo. Anatsikamo Mayi Yakobo ndi azimayi asanu.

"Zikwama zisanu ndi ziwiri, nokha? Sitingalole," anatero Mayi Yakobo. "Tikuperekezani mpaka ku Heathrow, konyamukira ndege za kwathu."

"Musavutike, amayi, ndakonza kale..."

"Kuvutika kwake kuti? Mayi anu ndi mayi athu tonse. Azimayi, kwezani katundu!"

Kunena zoona pamaso pa azimayi asanu ndi mmodzi amene anasinthitsa mashifiti awo chifukwa cha iye, Mabel kunamukanika. Anakwera. Minibasi inalunjika kummwera, azimayi akuimba nyimbo za chitonthozo, Birmingham ikutsala kumbuyo. Misozi inayamba kutsika, ndipo Mayi Yakobo anamusisita pamsana. "Lirani, mwanawe. Mayi saiwalika."

Ku Heathrow anatsitsa zikwama, anagwirana manja, ndipo Mayi Yakobo, amene pemphero lalifupi salidziwa, anapempherera woyendetsa ndege, mmisiri wa chiliza, mpaka simenti. Mmene ankati ameni, ndege ya ku Goa inali itatseka zitseko ku Birmingham.

Azimayi anatsanzika. Mabel anathamangira kwa ogulitsa matikiti, poganiza kuti bodza likhoza kusanduka choonadi, koma mipando ya ku Malawi ya nyengo ya Khirisimasi inatha kalekale. Anakhala pansi pakati pa katundu wa eni. Kubwerera ku Braunstone kunali kudziulula, poti mpingo wonse unkadziwa kuti ali m'mwamba. Kenaka foni inalira. Anali Darlington, atatumiza chithunzi cha manda a mayi awo atalambulidwa bwinobwino, mchenga ndi njerwa zili pambali, pansi pake atalemba kuti, "Mawa tonse tili pa Chileka."

Apo Mabel analira kulira kwenikweni, kwa manyazi, ndipo panalibenso womusisita pamsana. Anafuna kukapuma ku Goa, anafunanso dzina la mwana wolemekeza mayi ake, ndipo zonse ziwiri zinamupulumuka m'manja tsiku limodzi. Akuluakulu anaziona kale izi pamene ankati mapanga awiri avumbwitsa.