Basi Yapita ku Ukwati

Mlembi wamkulu wa yunivesite, a Dokotala Chikakuda, anaitana a Thawale, woyang'anira magalimoto.

"Loweruka basi ipite ku ukwati wa mwana wanga. Mukakana, ntchito yatha."

Tsikulo basiyo inayenera kutengera ophunzira a zaulimi ku munda.

"Chabwino, bwana," anatero a Thawale. Potsata lamulo la a Dokotala omwewo, loti ulendo uliwonse ulengezedwe pa bolodi, analemba kuti: "Ulendo wa Loweruka wasintha. Basi ipita ku ukwati kwa a Chikakuda."

Atawerenga chilengezocho, ophunzira makumi asanu anadzaza basi atatchena kupita ku ukwatiko. Nkhuku zinatha akuchimuna asanalawe.

Mkulu wa yunivesite anagamula kuti a Thawale anasunga lamulo, ntchito ndi yawo. A Dokotala anavomera ataweramitsa mutu.