Alendo a ku Balaka m'nyumba ya mlamu

Pa Nsanama, kuseri kwa msika wa nandolo, pali mtengo wa mango umene anthu ankangoti pa Che Zubairu. Pamenepo ndi pamene bamboyu ankamata machubu, kuwongola malimu ndi kumanga masipoko a njinga za akabaza. Anali munthu wosunga ulemu wake kuposa mimba yake. Ngakhale agone ndi njala, m'mawa ankatuluka ndi mkanjo wochapa bwino, kofiya ili pamutu, akutokosa m'mano ngati wadya nyama. Ukamufunsa za kunyumba, yankho linali lomwelo chaka ndi chaka: "Alhamdulillah, tikudya."

Mwana wake wachisamba, Fauziya, anasankhidwa kupita ku koleji ya unamwino. Teremu yoyamba inameza mbuzi yokhayo imene bamboyu anali nayo pamodzi ndi nandolo wa chaka chonse. Itafika yachiwiri, akukoleji ananena mosapsatira kuti wopanda fizi asayandikire chipinda cha mayeso. Chiyembekezo chinatsala pa bungwe lina la ku Balaka limene limalipirira ana ochokera m'mabanja osowa mpaka atamaliza maphunziro.

Tsiku lina Fauziya anayimba foni, mawu ali m'mwamba.

"Ababa, mafunso awo ndayankha, ndipo akuti ndachita bwino. Chatsala n'choti abwere kunyumba Lachinayi adzaone mmene timakhalira."

"Adzaone chiyani kwenikweni?"

"Mmene timakhalira basi. Chonde musasinthe kanthu."

Apa ndi pamene mutu wa Che Zubairu unayamba kuzungulira. Munthu angachoke ku Balaka, kuwotcha mafuta, kudzangoona mmene wina amakhalira? Anafunsa Dave, wakabaza amene anabwera kudzamatitsa chubu. Dave anati anthu amenewo amafuna umphawi weniweni, moti ena amabisa mbuzi kwa anansi tsiku limenelo. Asanameze zimenezo, panafika Wadson, mesenjala wa ofesi ina ku Liwonde, munthu wodziwa chilichonse ngakhale zimene sanazionepo.

"Iyayi, Dave akukunamizani," anatero Wadson. "Anthu a mabungwe safesa mbewu pathanthwe. Akaona pakhomo posalongosoka amati mwanayo adzathawa sukulu. Aonetseni kuti ndinu anthu."

Che Zubairu anabwerera kumudzi ndi malangizo awiri otsutsana, ndipo monga timachitira tonsefe, anasankha amene sankamupweteka mtima.

Nyumba yake inali yaudzu, yodontha, khoma limodzi atalichirikiza ndi mphanda. Koma pabwalo lomwelo panali nyumba ya mlamu wake Hamza, mchimwene wa mkazi wake, amene anali ku Joni. Imeneyo ndiye inali nyumba: malata onyezimira, simenti pansi, masofa, sola padenga, wailesi ya kanema yokutidwa ndi nsalu. Hamza anasiya makiyi kwa mlongo wake Lukiya kuti azisesa ndi kudyetsa mbuzi zake.

"Alendo tiwalandirira kwa alamu," anatero Che Zubairu.

Lukiya anasiya kupeta n'kumuyang'ana. "Mwana wanena kuti tisasinthe kanthu."

"Sindikusintha kanthu. Nyumba zonse zili pomwe zinali. Koma anthu ophunzira, ochokera kutauni, akhale pamphasa yong'ambika m'nyumba mwanga, ine mkamwini pamudzi pano? Mawa mudzi wonse uzinena kuti Zubairu anakhazika alendo padothi."

"Nanga si amabwerera zomwezo?"

"Wadson akuti ayi. Dave akuti inde. Ine sindikudziwa, mayi ake Fauziya, koma manyazi okhawo sindingawasenze."

Lachinayi alendo anafika pagalimoto loyera: mayi Triza, amene ankafunsa mafunso, ndi bambo Brighton, amene ankajambula zithunzi pafoni. Che Zubairu anawachingamira ndi manja awiri n'kuwalowetsa kwa Hamza. Nkhuku yathadzi imodzi yokhayo imene banjalo linali nayo inali itakhala kale ndiwo, ndipo mpunga Lukiya anali atakapempha kwa mng'ono wake.

Mayi Triza anakhala pasofa n'kuyendetsa maso kuchokera kudenga mpaka pansi. Nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu amene watsika basi pamalo olakwika.

"Pano ndi pakhomo pa Fauziya Zubairu?"

"Pomwe pano, amayi. Takulandirani."

"Pa tsiku mumadya kangati?"

Funso limeneli linamulasa Che Zubairu. Mwamuna wamkulu, pamaso pa mlendo wamkazi, anene kuti ana ake amadya kamodzi, nthawi zina mango owiritsa? Pakamwa panayankha pokha. "Katatu, alhamdulillah."

"Mbuzi zili panjazo?"

"Timayesetsa."

Sananame, anadziuza mumtima. Kuyesetsa ankayesetsadi, ndipo mbuzizo ankazimangirira ndi iye. Bambo Brighton anajambula mbuzi, sola, masofa ndi mbale ya nkhuku. Kenaka mayi Triza analoza pawindo.

"Nanga kanyumba kaudzu ako?"

"Ako n'kosungiramo makasu ndi nkhuku."

Lukiya, amene anali atagwada pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja, anaweramitsa mutu. M'kanyumba kameneko ndi mmene anaberekera ana ake onse.

"Zikutidabwitsa pang'ono," anatero mayi Triza. "Fauziya anatiuza kuti mvula ikagwa amawerenga ataphimba mabuku ndi thumba la feteleza."

Che Zubairu anaseka kaphwete kosachokera pamtima. "Ana a masiku ano amakokomeza, amayi."

Alendo anadya, anathokoza, napita. Che Zubairu anawaperekeza mpaka pamsewu, ali wokhutira kuti walandira anthu mwaulemu. Chinkangomuvuta n'chakuti mayi Triza sanamwetulire ngakhale kamodzi. Kodi nkhuku inali yolimba? Kapena mchere unachepa?

Yankho linabwera patapita masabata angapo. Fauziya anayimba foni, koma ulendo uno mawu ake anali apansipansi. Dzina lake silinatuluke. Abungwe anamuuza kuti banja lake lili ndi kuthekera, komanso kuti zimene iye ananena sizinagwirizane ndi zimene anakaona.

"Ababa, anakaona chiyani?"

Che Zubairu anati netiweki ikuvuta, n'kudula foni.

M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku Liwonde, n'kukwera minibasi ya ku Balaka. Njira yonse ankakonza mawu, koma atalowa mu ofesi ya bungwelo n'kuona mayi Triza, mawu onse anabalalika. Anavula nsapato pakhomo ngati akulowa mumzikiti, kenaka anazindikira kuti ena onse avala zawo, n'kuzivalanso.

"Amayi, nyumba ija si yanga. Ndi ya alamu anga ali ku Joni. Yanga ndi kaudzu kaja."

"Kosungira makasu kaja?"

"Komweko."

"Mbuzi?"

"Za alamu."

"Nanga kudya katatu?"

Anayang'ana pansi. Mawu anatuluka movutikira ngati msomali wadzimbiri. "Kamodzi. Nthawi zina osadya n'komwe."

Mayi Triza anagwira chibwano. Anaitana bambo Brighton, amene anatsegula zithunzi pafoni: Che Zubairu pasofa, mwendo uli pa unzake, kumbuyo kuli wailesi ya kanema, akumwetulira ngati mwini sitolo.

"Bambo, mwatisokoneza mutu," anatero mayiwo, mosakalipa. "Ife tinazolowera anthu obisa katundu kuti aoneke osauka. Wobisa umphawi sitinamuonepo. Munachitiranji zimenezi?"

"Munali alendo."

"Tinabwera kudzaona mavuto anu."

"Mavuto saonetsa alendo, amayi. Ndi mmene tinakulira." Kenaka anadzutsa mutu. "Bweraninso. Mudzakhala pamphasa, ndipo sindidzapha kanthu."

"Tikabweranso n'kupeza mphasa, akuluakulu athu adzafunsa kuti zoona ndi ziti, za tsiku lija kapena za lero? Adzati mwamva kuti mwalephera ndiye mwasamukira m'kanyumba ka makasu. Komanso malo onse tawapereka kale. Ana amene tawatenga tinawapezadi akudya mango owiritsa, ndipo makolo awo sanabise."

Che Zubairu anatuluka osadziwa kuti alowere kuti. Anaima pafupi ndi njanji nthawi yaitali, akuyesa kumvetsa. Atanena bodza anamukhulupirira, atanena zoona anamukayikira. Anachita zimene mayi ake anamuphunzitsa, kuti mlendo umamupatsa mpando wabwino ndi ndiwo zabwino, ndipo ulemu womwewo ndi umene unatseka chitseko cha mwana wake. Anafuna kukwiyira Wadson, koma makiyi a kwa Hamza sanawatenge ndi Wadson.

Mayeso atayamba ku koleji, Fauziya anatsika pa Nsanama ndi chikwama chake ndi ndowa imene anapita nayo. Anadutsa pamtengo wa mango, napereka moni kwa bambo ake mwaulemu monga mwa masiku onse, ndipo iwo ananyamula chikwamacho panjinga. Anauyamba ulendo wa kumudzi. Atafika pabwalo, mtsikanayo anaima pakati pa nyumba ziwirizo, n'kuyang'ana ya malata, n'kuyang'ananso yaudzu. Amayi ake anali atamufotokozera zonse pafoni.

"Ababa," anafunsa motsitsa mawu, "kwathu ndi kuti? Ndikufuna ndidziwe kolowetsa katunduyu."

Che Zubairu anatsegula pakamwa, koma "alhamdulillah" wa masiku onse uja sanabwere. Anatsitsa chikwamacho, nawerama pakhomo lalifupi la kanyumba kaudzu, n'kuchiika pakona yosadontha kwambiri. Yunifolomu yoyera ya unamwino Fauziya anaikulunga m'thumba la feteleza kuti mvula isaiwononge, n'kuipachika kudenga pafupi ndi makasu.

Akuluakulu anaona patali pamene ananena kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.