Mkwapatira ndi Njati ya M'tsekera

Kalekale, njati zikadamwa madzi pamene pali chigayo lero, kumudzi wa tsidya lija la Bua kunali munthu wina dzina lake Mkwapatira. Ameneyo ndiye agogo a agogo anu. Senderani kuno, ndipo iwe wa wailesiyo tazimitsa, chifukwa nkhani iyi imandipsetsa mtima mpaka lero, ngakhale sindinaione ndi maso.

Mkwapatira anali mlenje. Osati wa mbewa, osati wa nkhwali. Wa njati. Mfuti yake inali ya gogodera, ija yothira onga kukamwa n'kusinja ndi ndodo, yowombera kamodzi kenako n'kuyamba kupemphera. Koma kumudzi kuja anali mkamwini. Anakwatira Nalinde, anabereka naye ana atatu, ndipo zaka khumi ndi ziwiri anadyetsa mudzi wonse nyama. Mukuganiza kuti zimenezo zinamuchotsera ukamwini? Ayi ndithu. Nyama ankadya, msuzi ankamwa, mafupa ankaphwanya, koma pabwalo pakakhala nkhani yoti akambe ankangoti, "Akamwini, tatitengerani moto wa fodya."

Tsono njati ili ndi nyengo yake, ndipo apa mumvetsetse. Nthawi ya chilimwe tchire lapsa, mitengo yayoyola masamba, madambo auma, madzi atsala pa dziwe limodzi. Njati ifune isafune, ibwera kudzamwa pamenepo. Ziboda zake zimalembeka paphulusa, mphepo imaomba mbali imodzi tsiku lonse, mlenje amaiona ili kutali n'kusankha yekha poima. Nanga kumapeto kwa dzinja, nthawi ya dowe? Madzi ali paliponse, njati imamwa pamene yafuna. Udzu uja wa tsekera watalika kuposa munthu wokweza khasu m'mwamba. Mukalowamo simuona ngakhale msana wa mnzanu amene ali patsogolo. Njati yamva fungo lanu, yamva mapazi anu, inu simukuiona. Pamenepo wosaka ndani? Wosakidwa ndani?

Ndiye nthawi imeneyo, ya dowe imeneyo, kunafika mzungu ndi amtengatenga ake. Anthu anamutcha Bwana Masokosi, chifukwa masokosi ake ankafika m'mawondo ndipo chisoso chonse cha m'njira chinali chitakwera pamenepo. Ankafuna nyanga za njati zoti akapachike pakhoma kwawo. Nyama ayi. Nyanga! Ndipo ankazifuna msanga, chifukwa sitima yake inali ndi tsiku lonyamukira.

Anafikira kwa a Kamphinda, atsibweni ake a Nalinde, eni mbumba. A Kamphinda amenewa anali asanaphepo kanthu koposa nkhuku, nayonso yomanga miyendo. Mzungu anatulutsa chikhoti chakuda cha mabatani onyezimira. A Kamphinda anachivala pomwepo, dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Njati? Zing'onozing'ono zimenezo. Ndili ndi mkamwini wanga. Mawa mamawa akuperekezani."

Mwamva? Sanamufunse. Mwini wake ali kudimba, iwo kuno amugulitsa kale miyendo, amugulitsa khosi. Malonda oipa ndawaona ambiri pamisika, koma ogulitsa moyo wa mnzako iye asakudziwa, n'kulandira chikhoti cha mwezi wa chisanu pa nthawi ya thukuta, amenewo anachita ndi a Kamphinda okha.

Mkwapatira atabwera kudimba anamuitanira pabwalo. Anamvetsera zonse, kenako anati, "Atsibweni, mwafikako kudambo masiku ano?"

"Ndikaoneko chiyani? Udzu ndi udzu."

"Udzu umenewo ndi umene ndikunena. Muuzeni mlendo wanu adzabwere tchire litapsa. Ndidzamuonetsa njati zisanu, adzasankhe yekha ya nyanga zomukomera."

"Sitima yake siingadikire mpaka chilimwe."

"Ndiye akwere sitimayo. Njati aisiye."

Mzungu anayankhula zake, kapitawo wake n'kumasulira: "Bwana akuti kodi iwe ukuopa?"

"Muwauze kuti inde. Ndikuopa kwambiri. Ndicho chifukwa chake ndikadali moyo."

Mzungu anati ngati vuto ndi udzu, autenthe basi. A Kamphinda anaomba m'manja, akuti nzeru za azungu n'zakuya. Anatuma anthu ndi miyuni kudambo. Udzu wauwisi, wa madzi mpaka m'mfundo! Unangofuka utsi, anthu anabwerera maso ali psu, akutsokomola, dambo lili chiimire.

Pamenepo Tsilizani, mlongo wake wa Nalinde, bambo wa ndevu zake koma wa pakamwa pothamanga, anati, "Alamu, musavutike. Ife tipita. Inu mutsale muziotcha dowe ndi azimayi."

A Kamphinda anati, "Akamwini, ine ndavala kale chikhoti cha munthu. Mukufuna ndichivule pamaso pa anthu onsewa?"

"Vulani, atsibweni. Kukutentha."

Bwalo lonse linaseka. Ngakhale amtengatenga anaseka. Ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunawononga zinthu, chifukwa munthu wa chikhoti chatsopano amapirira zambiri koma kusekedwa ayi. A Kamphinda anaimirira, mabatani akunjenjemera. "Mkamwini wondiseketsa anthu m'mudzi mwanga momwe! Mawa mukapanda kutsogolera mlendo, nyamulani mfuti yanu ndi mphasa yanu, mubwerere kwanu. Mkazi ndi wathu. Ana ndi athu."

Ndipo mwambo unali kumbali yawo. Mkamwini akachotsedwa amachoka yekha, monga anabwerera. Zaka khumi ndi ziwiri za nyama, ana atatu, nyumba yomanga yekha, zonsezo aziike mbali imodzi, mbali inayo chikhoti. Mukuganiza chinalemera n'chiti?

M'mawa mwake Nalinde anamugwira mkono pakhomo. "A Mbewe," anamuitana pa mfunda wake, "bwanji mungopita naye m'mbali mwa dambo, mumuzungulitse tsiku lonse, mubwere munene kuti sizinaoneke? Atsibweni mtima ukhala pansi."

"Mayi, mzungu uja ali ndi mfuti ndipo ali ndi changu. Akaona chakuda chilichonse m'udzu awombera. Njati yolasidwa m'tsekera sithawa, imabisala n'kudikira. Ndiye adzati wina atsate magazi. Wina ameneyo ndani? Ndikapita, ana awa atsala opanda bambo. Ndikakana, atsalanso opanda bambo, koma bamboyo ali moyo tsidya la mtsinje."

Ananyamula mfuti ndi mphasa, ana akulira, nawoloka Bua pa bwato kupita kwa alongo ake.

Kusakako anatsogolera Tsilizani, ndi mkondo. Tsiku loyamba anayenda, osaona kanthu. Tsiku lachiwiri anayenda, osaona kanthu. Ndowe za njati ankaziponda zotentha, koma mwini ndowe osamuona. Tsiku lachitatu mzungu anaona chinthu chakuda chikugwedeza udzu, nawombera. Chipolopolo chinalowa m'mimba. Njati inalira kamodzi, udzu unatseka kumbuyo kwake, zii.

A Kamphinda anali pamwamba pa chulu. Akuti ankayang'anira. Anakuwa ali pomwepo kuti, "Tsilizani, tsata magaziwo!"

Tsilizani anatsata, atawerama, maso ali pansi. Njati inali itazungulira n'kudzaima m'mbali mwa njira yake yomwe, monga zimachitira. Inamutola ndi nyanga n'kumuponya m'mwamba, ntchafu itang'ambika kuchokera pabondo mpaka m'chiuno. Bwana Masokosi anataya mfuti nakwera msuku, ndipo anthu anadabwa kuti munthu wa nsapato zolemera chotero angakwere mtengo mofulumira chonchija. Amtengatenga ndi amene anakuwa, kuponya zibonga, mpaka njati inabwerera m'udzu. Tsilizani anthu anamunyamula pamphasa, akupuma koma osayankhula.

Sizinathere pamenepo. Njati ija inakakhazikika m'tsekera wa pakati pa mudzi ndi minda. Njira ya kumunda inali imodzi, yodutsa pomwepo. Ndani akanadutsa? Masiku anayi palibe anapita kukalondera chimanga, ndipo anyani anachita phwando, kuthyola, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Chakudya cha chaka chonse chikutha anthu akuonerera patali.

Kodi a Kamphinda anawoloka mtsinje kukapepesa? Aa! Anatuma Nalinde, mkazi yemwe anamulanda mwamuna. Ndipo uthenga wake unali wakuti, "Ukamuuze kuti ndamulola kudzaipha."

Ndamulola! Nalinde ananena mawuwo monga anamutumira, kenako anawonjezera ake. "Amenewo ndi a atsibweni. Anga ndi awa: munda wa ana anu watsala theka, ndipo mlongo wanga mwendo ukununkha."

Mkwapatira anatenga mfuti. Anabwera, koma m'tsekera sanalowemo. Anazungulira kunja kwa dambo, akuyang'ana m'mwamba, mpaka anaona timbalame tija todya nkhupakupa tikuuluka n'kuteranso malo amodzi. Chapafupi panali chithaphwi cha matope, pansi pa mtondo waukulu. Iye ankadziwa kuti njati yolasidwa m'mimba imatentha thupi, ntchentche zimaizunza pabala, ndipo imafuna matope. Anakwera mumtondo, nakhala.

Anakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Palibe chinabwera. Kumudzi anthu anayamba: "Mlenje wanji wokhala mumtengo ngati nyani? Alowe aitulutse!" Onena zimenezo anali pakhonde, zitseko zili pafupi. Tsiku lachiwiri anakweranso. Dzuwa litafika pamutu, udzu unayamba kugwedezeka pang'onopang'ono, njati inatuluka ikukoka miyendo, inagwada m'matope. Mkwapatira anaiona yonse, kuyambira mphuno mpaka mchira. Anawombera kamodzi pakhosi. Utsi wa onga utachoka, njati inali itagona cham'mbali.

Tsopano onani anthu. Bwana Masokosi anafika ndi chingwe choyezera, anayeza nyanga, n'kudandaula kuti n'zazing'ono. Komabe anaponda njati ndi phazi limodzi kuti kapitawo amujambule. A Kamphinda anaima pambali pake, chikhoti chili pathupi, chifuwa chili patsogolo. Kapitawo anauza Mkwapatira kuti asunthe, akuti chithunzithunzi chake chikuwononga chithunzi. Mzungu anadula mutu wa njati nanyamuka kuthamangira sitima yake. Za mwendo wa Tsilizani sanafunse n'komwe.

Nyama itagawidwa, a Kamphinda anaitanitsa bwalo. Anatsokomola, nati, "Mkamwini uyu anandilakwira pamaso panu. Koma ine mtima wanga ndi waukulu. Ndamukhululukira. Abwerere m'nyumba mwake."

Ndamukhululukira! Ana inu, mukundimva? Munthu wang'ambitsa mwendo wa mphwake, wadyetsa anyani theka la minda, wathamangitsa wosalakwa, ndiye akuimirira n'kugawa chikhululukiro ngati mchere! Ndipo anthu ena anaomba m'manja. Anthu amaomba m'manja chilichonse akakhuta chiwindi.

Mkwapatira anati, "Zikomo, atsibweni. Chikhululukirocho chisungeni, mwina chidzafunika kwa wina. Ine mudzi umene amandivomerera imfa ndili kudimba, sindigonamonso."

Pamenepo Nalinde anagwada, naomba m'manja mwaulemu, nati, "Atsibweni, ngati ndi choncho ine ndikupita naye. Ndikakhala chitengwa kwawo."

"Iwe pita ngati wapenga. Koma ana atsale. Ana ndi a mbumba ino."

Ndipo apanso mwambo unali kumbali yawo. Nalinde anayang'ana ana ake, anayang'ana mwamuna wake. Akanasankha bwanji? Inu mukanasankha bwanji?

Mawu anachokera pakhonde, pamene Tsilizani anagona, mwendo atamuzenga ndi masamba ndi luzi. Anali asanayankhule pagulu chivulalire.

"Atsibweni, inu ndinu atsibweni athu, ine ndi mlongo wangayu. Zimenezo sitikana. Koma ana awa mtsibweni wawo ndine. Wonena za iwo ndine." Anapuma kaye, chifukwa ululu unali waukulu. "Apite ndi bambo wawo. Mawa kudzabwera mzungu wina ndi nsapato, ndipo inu nsapato mulibe."

Palibe anaseka. A Kamphinda anatsegula pakamwa, anayang'ana akuluakulu kuti awathandize, koma akuluakulu onse anali akuyang'ana mwendo uja. Mwambo womwe anamenyera mkamwini unawatembenukira.

"Alamu," anatero Tsilizani, "atengeni ana. Muziwabweretsa ndiziwaona, ine kuwoloka sindingathenso."

Tsiku lomwelo bwato linawoloka kawiri, ulendo woyamba Nalinde ndi ana, wachiwiri Mkwapatira ndi mbuzi. Anamanga pano pamene takhalapa. Tsilizani anachira koma anatsimphina mpaka imfa yake, ndipo chilimwe chilichonse, tchire likapsa, mwendo wa njati woyamba unkawoloka Bua kupita kwa iye.

Ndicho chifukwa chake ife a kwa Mkwapatira tili ndi khalidwe limene ena amati n'kuuma mutu. Mlendo akabwera ndi changu chake, kaya ndi wa galimoto, kaya ndi wa mapepala, timamupatsa mpando ndi madzi, koma changucho timamusiyira mwini wake. Timayamba taona ngati nyengo ya chinthucho yakwana. Ndipo pakhomo pano palibe amene amavomera ntchito yoopsa m'malo mwa mnzake, kaya ndi mwana, kaya ndi mkamwini. Amene akalowe m'udzu ndi amene amayankha. Wina akadzakuuzani kuti, "Ndakuvomererani kale," mudzamufunse mwaulemu kuti walandira chiyani, kenako mudzamuuze atsogole yekha.