Apongozi a Njati pa Dooko

Kalekale, ana inu ndi akulu omwe, nyama za kudambo zinayambana ndi nyama za kuphiri, nkhondo n'kubuka. Za kudambo zinati kukwera phiri n'kotopetsa, bola kungotseka dooko, chakudya chisawoloke, njala iwatsitse yokha adaniwo.

Mvuu, mkulu wa nkhondoyo, analamula kuti wobwera ndi katundu azingobwezedwa, magazi asakhetsedwe, poti nkhondo ikatha adzamweranso mtsinje womwewo. Njati, amene anaikidwa pa dookopo, anangoti mphuno fwee. Kwa iye kubweza mdani ndi pakamwa kunali kusewera. Wobwera ndi dengu, nyanga juu, dengu lande, zam'dengu m'mimba.

Tsono Msulu nkhondoyi inam'peza tsidya lino atabwera kudzasuma, ana atawasiya kuphiri opanda kanthu m'kamwa. Anabisala m'bango n'kumamuyang'ana mlondayo, ndipo anaona kuti Njati amayamba wadya, kuganiza pambuyo.

Anakazinga mtedza, nauika panjira, nagwada patali ndi nyanga. Njati kukutu kukutu. Mawa lake chigumu. Njati bwanthu bwanthu, n'kufunsa kumene kumaphikidwa zotere.

"N'zakumtundu kwathu, bambo," anatero Msulu, maso ali pansi. "Wodzakwatira mwana wanga wamkazi adzadya zimenezi mpaka mano kugweluka."

Njati sanafunse dzina la mwanayo, sanafunse msinkhu. Anati wam'tomera, pomwepo, wina asam'tsogolere.

"Ndiye kuti ndine apongozi anu. Mwambo mukuudziwa."

Mwambo ankaudziwadi. Mkamwini sapenyana ndi apongozi. Akakumana nawo panjira amapatuka, n'kunjuta, nkhope kumbali, mpaka adutse.

Kutacha Msulu anafika ndi dengu lodzaza, nakhosomola pang'ono. Njati phuthu phuthu, m'minga lowu, nkhope kumbali. Msulu m'madzi chubwi chubwi, uyo kutsidya. Njati akuti adzuke, kwamvekanso kukhosomola. Msulu anam'kuwira kuti amenewo ndi mayi aang'ono a mwana wam'tomera uja, nawonso ndi apongozi. Njati m'minga. Atadutsa iwo ndi dengu lawo, kunabwera mayi aakulu. Kenako mayi aang'ono ena. Misulu yonse mizere yake njofanana, ndipo ngakhale ikanasiyana, akanaiona bwanji munthu woyang'ana kumbali? Dzuwa linapendeka Njati ali chinjutire, minga ili m'matako, mimba ikulira.

Mvuu ataona utsi wa zophika kuphiri, ana akusewera pamiyala, anabwera kudzafunsa amene wawoloka.

"Ine sindinaone aliyense," anatero Njati, ndipo sananame.

"Nanga nyanga zija, achimwene, zatsekera minga?"

Manyazi atam'gwira, Njati anatembenukira kuphiri n'kuitanitsa mkazi wake, kuti bola apindulepo kanthu. Msulu anatulukira pamwala, ana akutafuna kumbuyo kwake, nayankha mwaulemu wonse.

"Pirirani, bambo. Amene ndili nawo pano onse ndi anyamata. Wamkaziyo akadzabadwa tidzakutumirani uthenga. Koma poyankhula nane musamandiyang'ane choncho."

Njati, mwambo utam'fika m'mafupa, anapotolozanso khosi. Mvuu anaseka mpaka kumira.

Inu mukadzapatsidwa njira kuti mulondere, musamalawe za odutsa, mungadzapezeke muli pachibale ndi mudzi wonse. Nthano yanga yawolokera pamenepa. Wofuna kuibweza akapemphe Njati, akadali m'minga.