Bokosi la a Zakeyu

Pa Nsaru, kuseri kwa golosale ina, a Zakeyu Chimphonda anali ndi kachipinda kamene ankakatchula monyada kuti situdiyo. Munali maikolofoni awiri, makatoni a mazira okhomedwa m'zipupa, ndi kompyuta yakalekale, ya chibokosi chokhala pansi pa tebulo. Inali nkhalamba koma yomvera. Chilema chake chinali chimodzi: fani yake, kaja kokupiza mphepo m'kati, inkalira ngati njinga yamoto ya kabaza, ndipo phokoso lonselo linkathera m'maikolofoni.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera ntchito yaikulu. Kwaya ya tchalitchi china cha kumbali ya Kabudula inafuna kujambula nyimbo khumi ndi ziwiri, zopeka yokha, zoti zikagawidwe pa chikondwerero cha zaka makumi asanu cha tchalitchicho. Mtsogoleri wa kwayayo, bambo Amon, sanabise mawu. "Tili ndi masabata atatu basi. Mvula ikangogwa, anthu anga onse ali kumunda. Simudzaona ndi mmodzi yemwe kuno."

Mwamwayi sabata lomwelo kunabwera Jenipher, mng'ono wa akazi awo a Zakeyu, mayi amene amadya za kukonza makompyuta m'maofesi a mu Lilongwe. Anatsegula chibokosicho, anapeza fumbi loti n'kudzalamo mtedza, n'kulipukuta.

"Alamu, ichi chikulira chifukwa chikubanika," anatero Jenipher. "Gulani mafani awiri akuluakulu. Wina kutsogolo azilowetsa mphepo yozizira, wina kumbuyo azitulutsa yotentha. Akuluakulu amazungulira mofatsa, sasokosa. Ndipo nayi fulashi, tsiku lililonse muzisungamo zimene mwajambula."

A Zakeyu anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Alamu, sukulu inakupwetekani eti? Chinthu chikusokosa ndi fani imodzi, inu mukuti ndiwonjezere awiri? Mwana akamalira amamubweretsera anzake olira? Makinawa ine ndinayamba kuwagwira inu musanamere mano."

Jenipher anangoti, "Chabwino alamu," n'kukwera minibasi yake.

Tsono imvani nzeru za katswiri wathuyu. Anaitana kalipentala kuti akhome bokosi la matabwa. M'kati mwake anamatamo siponji ya matiresi akale, mbali zonse, pamwamba ndi pansi pomwe. Fani yakale ija, mwini phokoso, anaidula waya. Analowetsa kompyuta m'bokosimo, timabowo todutsa mawaya anatitseka ndi nsanza, chivundikiro anachikhomera ndi misomali inayi kuti fumbi lisapeze njira. Atayatsa, m'chipinda munali zii! Munthu uja anaomba m'manja kudziyamikira yekha. Madzulo ake anali pa bawo kulalikira kuti zimene azungu zinawakanika, iye wazitha ndi matiresi akutha.

Kwaya inayamba kubwera. Anthu makumi awiri, ena panjinga, ena wapansi, amayi ana kumsana, kulawirira m'mamawa kuthawa dzuwa. Ankaimba thukuta lili kamukamu m'kachipinda kopanda zenera, nyimbo imodzi kuibwereza kasanu osadandaula. Ndipo kunena zoona, mawu ankatuluka oyera bwino, moti a Zakeyu mapewa anafika m'makutu.

Koma zizindikiro sizinasowe, anasowa ndi maso. Tsiku lachinayi kompyuta inazima yokha pakati pa nyimbo. A Zakeyu anati ndi magetsi, chonsecho babu ili ngwee pamutu pawo. Sabata lachiwiri inkazima kawiri patsiku. Akazi awo atabweretsa madzi akumwa anatsamira bokosilo, n'kuchotsa dzanja msangamsanga.

"Bambo, kodi muli mbaula umu? Apa nkhuku itha kuswa mazira osafungatira."

"Mayi, za kukhitchini zikhale kukhitchini."

Fungo la pulasitiki wopserera litayamba kumveka, anati ndi mayi wokazinga mandasi panja. Bambo Amon anafunsa mwaulemu ngati nyimbo zikusungika bwino. Yankho linali lakuti, "Inu imbani, za makina siyirani eni ake." Ha! Eni akewo ndiye amenewo.

Loweruka lomaliza kunacha ndi mitambo yakuda cha ku Mchinji. Nyimbo khumi ndi imodzi zinali zitatha, kwatsala imodzi. Kwaya ili pa ndime yachiwiri, galasi la kompyuta linangoti bii. A Zakeyu anayatsanso. M'bokosi munamveka kuti kha, kha, kha, basi. Anayesa kachitatu, kachisanu, thukuta likuyenderera m'khosi, anthu makumi awiri akuwayang'ana kumsana. Pomaliza katswiri uja anatenga hamala kuzula misomali yake yomwe. Mpweya umene unatuluka m'menemo unabweza anthu m'mbuyo, siponji itasanduka yachikasu n'kumatirira ku chitsulo.

Manyazi anawaika pambali, anaimbira foni mlamu wawo. Jenipher anafika dzuwa litapendeka, anthu a kwaya ali duu pakhonde, osadya kanthu. Anatulutsa hadidisiki, kachitsulo kosunga zonse zojambulidwa, anakalumikiza ku laputopu yake, anakaika kukhutu, n'kupukusa mutu.

"Kapsa aka, alamu. Masabata atatu mwakhala mukukawotcha pang'onopang'ono. Koma musadandaule, bweretsani fulashi ija."

A Zakeyu anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, kenako anatsegula dirowa. Fulashi inali momwemo, m'pepala lake, yosamatula.

"Bambo Amon," anayamba motsitsa mawu, "mukanangobweranso sabata limodzi lokha, tikhoza..."

Asanamalize, pa malata panagwa dontho, kenako lina, kenako chimvula chenicheni, choyamba cha chaka. Bambo Amon sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anapinda mapepala a nyimbo, anawaika m'jumbo, n'kunena kuti, "Lolemba tikudzala, a Chimphonda. Amayi awa asiya mizere yosatha kuti azibwera kuno. Ine ndikawauza chiyani akhristu?"

Kwaya inatuluka m'mvulamo mmodzimmodzi, njinga akuzikankha m'matope, ulendo wa ku Kabudula chimanjamanja. Pa chikondwerero chija sipanagawidwe nyimbo ndi imodzi yomwe, ndipo mbiri inayenda matchalitchi onse a kumeneko, moti makwaya tsopano amalolera kukwera galimoto mpaka mu Lilongwe kusiyana n'kuponda pakhomo pa a Zakeyu.

Ine chisoni ndimamvera amayi aja, osati a Zakeyu. Anauzidwa masana dzuwa likuwala, ndi munthu wodziwa, kwaulere, koma anasankha kutsekera chinthu chopuma m'bokosi n'kukhomera misomali. Akuluakulu ananena kale za anthu otere: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.