Chisanu Chimodzi cha Balakiro

Mzinda wa Halikanaso utagwa, mumsasa mwathu ife Amakedoniya, anthu amene tinapondereza dziko mpaka kumene dzuwa limatulukira, munamveka lamulo lokoma. Aliyense amene anakwatira kumene apite kwawo, akakhale ndi mkazi wake nyengo yachisanu, abwerere maluwa akaphuka.

Akwati atsopano anavina mpaka fumbi kobo. Balakiro yekha anakhala phee, akunola mkondo wake wautali. Mnzake Derida anamukumbutsa kuti anasiya mkazi wake Filina kwawo ku Beroya nkhata ya ukwati isanafote n'komwe.

"Iwe pita ukaothe moto ndi mbuzi zako," anatero Balakiro akuseka. "Wangayo ndikamuveka zovala za akazi a Aperisi. Chisanu chimodzi n'chiyani?"

Chisanu chimodzicho chinabala zinzake. Balakiro anamenya nkhondo ya ku Iso, anasenza miyala yokwirira nyanja pozinga Turo, ndipo pamalinga a mzindawo anagwa, mwendo n'kuthyoka. Wina amene anamuona akugwa anakafika kwawo n'kulengeza maliro. Iye atachira sanatumize mawu. Ankafuna akatulukire mwadzidzidzi, bulu atalemedwa ndi chuma cha ku Babulo.

Anatulukiradi, imvi zitayamba. Pakhomo anapeza Filina akupota ubweya, kamtsikana katatsamira pa bondo lake. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, chopotera chitagwera pansi. Kenako anamukhazika pampando, anamusambitsa mapazi, n'kumupatsa mkate wa balere ndi vinyo. Anamufotokozera mofatsa kuti anameta tsitsi, anamulira zaka zitatu, kufikira abale ake atamupereka kwa woumba mbiya wa kutsidya, munthu wosadziwa kukalipa.

"Amuna anga akale," anatero Filina, "tsiku limene anzanu ankafika chisanu chija, ndinaima pamsewu mpaka womaliza atadutsa. Sindinkafuna za Aperisi ine. Ndinkafuna inu."

Balakiro, amene sanagwadirepo njovu za nkhondo, anasowa poika maso. Kamtsikana kanafunsa kuti mlendoyu ndani.

"Amalume ako awa, achokera kutali," anayankha mayi ake. "Apatse moni."

Kamwanako kanamugwira chala. Iye anakasisita pamutu, anamaliza mkate wake pang'onopang'ono, ndipo anatsazika mwini nyumba asanabwere kuchokera kudothi.

Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.