Tsamba Lapamwamba la Mayi Nasimango

Bambo Kamwendo, eni nyumba imene Mayi Nasimango ankasokeramo, nawonso ankagulitsa madiresi a ukwati. Koma munthu akasaka "madiresi a ukwati ku Dedza" pa intaneti, pamwamba pankabwera tsamba la pa webusayiti ya Nasimango.

"Mufufute tsamba lapamwambalo, apo ayi musamuke," anatero Kamwendo.

"Lokhalo, bambo?"

"Lokhalo basi!"

Mayiwo analifufuta bambowo akuona. Patapita sabata, Kamwendo anatenga foni nasaka monyadira pamaso pa mkwatibwi wina wofuna diresi. Pamwamba panatuluka zithunzi za Nasimango. Pachiwiri, mitengo ya madiresi awo. Pachitatu, webusayiti yomweyonso.

Kamwendo anathamangira kwa mayiwo, mkwatibwi ali pambuyo. "Si munafufuta inu?"

"Ndinafufuta, bambo. Masamba enawa anali pamzere, angosendera kutsogolo."

Mkwatibwi uja anakweza manja. "Ndiyezeni, mayi."